Funsani Tiyankhe: Chingerezi cha ku Ntchito

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno akufunsa za Chingerezi cha mu ofesi: cholembera imelo, choyankhulira pa msonkhano ndi pa foni, komanso cha pa mapepala a malonda. Ena tawafupikitsa, koma funso lenileni sitinalisinthe.

Alangizi, ndangoyamba kumene ntchito ya ulembi. Kalata yanga yoyamba yopita kwa kasitomala ndinaiyamba ndi "Dear Mr" kenako dzina lake loyamba, n'kuimaliza ndi "Yours faithfully". Abwana anaibweza atadula mzere pa malo onse awiri, osandiuza chifukwa. Ndinalakwitsa pati? — Mlembi watsopano

Abwana anu anaona bwino malo onse awiri. "Mr", "Mrs", "Ms" ndi "Dr" amayenda ndi dzina la kubanja, osati loyamba. Lembani "Dear Mr Uje", Ujeyo likhale dzina lomaliza. Ngati munazolowerana kale ndipo mwini wake amasaina makalata ndi dzina loyamba, lembani "Dear" ndi dzina loyambalo, "Mr" n'kumusiya. Kwa mayi amene simukudziwa ngati ali pa banja, "Ms" ndiye sakhumudwitsa. Dzina likakhala loti simungadziwe ngati ndi la bambo kapena la mayi, musalote: lembani "Dear" ndi maina onse awiri.

Pomaliza kalata, a ku Britain amatsata lamulo ili: mukayamba ndi dzina la munthu mumatseka ndi "Yours sincerely", mukayamba ndi "Dear Sir or Madam" chifukwa dzina simukulidziwa mumatseka ndi "Yours faithfully". A ku America amangolemba "Sincerely". Pa imelo ya tsiku ndi tsiku, "Kind regards" kapena "Best regards" akwanira.

Moni akhale wa mzere umodzi, monga "I hope you are well". Mzere wotsatira unene chimene mwalembera: "I am writing to confirm our order" kapena "I am writing about the delay in delivery". Wowerenga asafike pa ndime yachitatu akadafunafuna nkhani.

Ndimayang'anira anthu angapo pa ntchito. Ndikalemba kuti "I want the report ASAP" amati ndine wamwano. Ndikalemba kuti "I humbly request your kind assistance at your earliest convenience" lipoti limabwera patatha sabata. Nditani? — Kapitawo

Maimelo anu onse awiri akudwala nthenda imodzi: palibe imene ikutchula tsiku. Yoyamba ikukalipa, yachiwiri ikugwada, koma wolandira sakudziwa ngati lipotilo likufunika lero masana kapena sabata yamawa. "ASAP" ndi chidule cha "as soon as possible", ndipo aliyense amadziyezera yekha kuti msanga wake ndi liti. "At your earliest convenience" ndiye akumuuza munthu kuti achite akapeza mpata. Amene anabweretsa lipoti patatha sabata anangotsata zimene munalemba.

Tiyambe ndi ulemu. M'Chichewa ulemu timaunyamula ndi "inu" komanso "a" wa kutsogolo kwa dzina. Chingerezi chili ndi "you" mmodzi yekha, wa mwana ndi wa mkulu yemwe. N'chifukwa chake ambiri akamalemba amaona ngati ulemu waperewera, n'kuyamba kuunjika mawu monga "humbly", "beg" ndi "esteemed". Eni chiyankhulo satero. Iwo amaonetsa ulemu posandutsa lamulo kukhala funso, ndipo pempho limafewa motere:

"Send me the report." Ili ndi lamulo losabisa.
"Please send me the report." Likadali lamulo, koma ndi loyenera kwa amene mumawayang'anira pa ntchito yozolowereka.
"Can you send me the report?" La anzanu a pa ntchito.
"Could you send me the report?" Ili limalowa paliponse, kwa wamng'ono, kwa mnzanu, ngakhale kwa abwana.
"I would be grateful if you could send me the report." La kwa munthu wamkulu kwambiri kapena wa kampani ina.

"I want" asandutseni "I would like" kapena "I need". "You must" ndi "You should" asungireni nkhani za malamulo a chitetezo, chifukwa pa pempho wamba amamveka ngati chidzudzulo.

Tsono pempho logwira ntchito limakhala ndi zinthu zinayi: chimene mukufuna, amene achite, tsiku ndi ola, ndi chifukwa chake. Mwachitsanzo: "Could you send me the May sales report by 3 pm on Thursday 12 June? I need it for the board meeting on Friday morning." Mulibe mawu okongoletsa, komanso mulibe mwano. Chifukwacho musachisiye, pakuti munthu akadziwa kuti pali msonkhano umene ukudikira ntchito yake, amaiika patsogolo.

Pa nkhani ya masiku ndiye pamene pamagwera anthu ambiri, choncho tikhalepo pang'ono. "By Friday" ndiye kuti chinthu chichitike Lachisanu lisanathe, ngakhale chitachitika Lachitatu. "Until Friday" ndi za chinthu chopitirira mpaka Lachisanu, monga "I am on leave until Friday". Kulemba "Send it until Friday" n'kulakwa. "Next Friday" amakanganitsa ngakhale eni chiyankhulo: mukanena Lolemba, wina amva Lachisanu la sabata yomweyo, wina la sabata yotsatira. "Biweekly" angakhale kawiri pa sabata kapena kamodzi pa masabata awiri, choncho lembani "twice a week" kapena "every two weeks". "Fortnight", masiku 14, ndi mawu a ku Britain amene a ku America ambiri sawagwiritsa ntchito.

Deti yolembedwa ndi manambala okhaokha ndi yoopsa. Munthu wa ku London akaona 04/05/2026 amawerenga 4 Meyi, wa ku New York amawerenga 5 Epulo. Lembani dzina la mwezi, "4 May 2026", kapena tsatani muyezo wa ISO 8601 umene umayamba ndi chaka, mwezi, tsiku: 2026-05-04. "EOD" ndi "COB", zidule za "end of day" ndi "close of business", zimangothandiza anthu a mu ofesi imodzi. New York ili m'mbuyo mwa London ndi maola 5 pafupifupi chaka chonse, ndiye tsiku la yani? Lembani "by 5 pm London time".

Musaope kuti Chingerezi chosavuta chikuchotserani ulemu wa munthu wophunzira. Ku Britain bungwe la Plain English Campaign lakhala likumenyera kalembedwe komveka kuyambira 1979, ndipo ku America lamulo la Plain Writing Act la 2010 limakakamiza nthambi za boma kulembera anthu momveka. "Use" aposa "utilise", "start" aposa "commence", ndipo "I have attached the report" aposa "Attached herewith please find the report".

Ndinatumiza imelo yopempha kuti mkulu wina avomereze kontirakiti, koma sakuyankha. Ndikumbutse bwanji osaoneka ngati ndikumukakamiza? — Wogula katundu wa kampani

Ngati nkhaniyo si yamoto, dikirani masiku awiri kapena atatu ogwira ntchito. Kenako yankhani pa imelo yomwe ija, osayamba yatsopano, kuti zonse zikhale pamodzi: "I am following up on my email of 3 June about the supplier contract. Could you let me have your approval by Wednesday?" Pempholo libwerezeni lonse. Musangoti "see below", chifukwa mukumupatsa ntchito yofukula.

Akapanda kuyankhabe, chikumbutso chachiwiri chinene chimene chichitike: "If we do not sign by Friday 13 June, the supplier's price will no longer apply." Uku si kuopseza ngati zili zoona. Kachitatu musalembenso, imbani foni kapena mupiteni.

Pewani "As per my last email" ndi "As I already told you". Galamala yake ndi yabwino, koma amamveka ngati mwakwiya. Zilembo zazikuluzikulu nazo zimawerengedwa ngati kukuwa. "Please revert" amagwiritsidwa ntchito m'maiko monga India ndi Singapore kutanthauza kuti yankhani, koma ku Britain ndi ku America "revert" ndi kubwerera m'mene chinthu chinalili kale. "Please reply" kapena "Please let me know" amamveka kulikonse.

Yang'ananinso mutu wa imelo yanu. "Contract" yekha sauza munthu kanthu. "Approval needed by 13 June: supplier contract" akumuuza ntchito ndi tsiku asanatsegule n'komwe. Ndipo imelo imodzi inyamule nkhani imodzi: mukaphatikiza mapempho atatu, ambiri amayankha loyamba lokha.

Abwana athu ochokera kunja anandifunsa kuti "Didn't you send the invoice?" Ndinali ndisanatumize, ndiye ndinayankha "Yes". Iwo anamva kuti ndatumiza, ndipo kasitomala anachedwa kulipira. Mpaka pano akuti ndinawanamiza. Vuto linali pati? — Mayi wa ku maakaunti

Mayi, simunanamize munthu. Munayankha Chichewa ndi mawu a Chingerezi. Wina akatifunsa kuti "Kodi simunatumize?" timati "Inde, sindinatumize", kuvomereza zimene wofunsayo akuganiza. M'Chingerezi "yes" ndi "no" satsata funso, amatsata chimene chinachitika. Ngati munatumiza ndi "Yes, I did". Ngati simunatumize ndi "No, I didn't", kaya funsolo linali "Did you send it?" kapena "Didn't you send it?"

Mankhwala ake ndi amodzi: funso lotere musaliyankhe ndi liwu limodzi. Nenani chiganizo chonse: "No, I haven't sent it yet. I will send it before noon." Chenjeraninso ndi "Do you mind if I use your office?" Apa akufunsa ngati zikukuvutani, choncho wololeza amati "No, not at all, go ahead". Mukati "Yes" mwakana. Abwana anuwo afotokozereni m'mene ziyankhulo ziwirizi zimasiyanirana pa nkhaniyi, mwachidule, kuti dzina la bodza likuchokeni.

Popeza tafika pa misampha ya mtundu umenewu, nayi ina. Mukamatuluka pang'ono musanene "I am coming", chifukwa womva adabwa kuona mukupita. Nenani "I'll be right back" kapena "I'll be back in ten minutes". Wopereka ndiye amachita "lend", wolandira amachita "borrow": "Could you lend me your charger?" kapena "Could I borrow your charger?", osati "Borrow me". Mawu akuti "information", "advice", "equipment", "feedback" ndi "furniture" salandira "s" kumapeto; ngati mukufuna kuwerenga, nenani "two pieces of equipment". Anthu ogwira ntchito asanu ndi "five members of staff". "Discuss" safuna "about": ndi "discuss the budget". Potseka imelo ndi "I look forward to hearing from you", osati "to hear". Ndipo popeza "iye" wathu sasankha mwamuna kapena mkazi, werenganinso "he" ndi "she" aliyense musanatumize, makamaka m'kalata yonena za munthu amene adzaiwerenge.

Pa msonkhano ndimaona kuti pulani ina siyenda, koma ndimakhala chete poopa kuoneka ngati ndikutsutsa akuluakulu. Tsiku lina ndinayesa, n'kunena kuti "You are wrong", chipinda chonse chinangoti zii. Pali njira yabwino? — Injiniya wachinyamata

Ilipo, ndipo kukhala chete si njira, chifukwa anakulembani ntchito kuti muziona zimene ena sakuona. Cholakwika pa "You are wrong" n'chakuti akuloza munthu. Lozani nkhani.

Choyamba pemphani mpata: "Could I come in here?" kapena "May I add something?" Kenako onetsani kuti mwamva cholinga chawo: "I see why we want to launch in July." Mukatero tchulani nkhawa yanu, ndipo ikhale ndi nambala kapena umboni: "My concern is the testing. It takes six weeks and we have four." Malizani ndi njira ina, moifunsa: "Could we launch in August, or test only the main functions first?" Mkulu amene wamva izi ali ndi zosankha ziwiri ndipo sanachititsidwe manyazi. Akakudulani pakamwa, nenani modekha kuti "Could I just finish this point?" n'kupitiriza.

Mbali ina ya luso limeneli ndi kumva pamene ena akukutsutsani mobisa. A ku Britain makamaka amakonda kufewetsa kukana. "With respect" nthawi zambiri amatsogolera kutsutsa kwamphamvu. "I'll bear it in mind" kawirikawiri si lonjezo loti achitapo kanthu. "Quite good" ku Britain angakhale kuti ndi zabwinoko pang'ono chabe, pamene ku America amayandikira kuti ndi zabwino kwambiri. Mukakayika, funsani poyera: "Just to be clear, are we going ahead with this?" Palinso "to table": ku Britain "table a proposal" ndi kuibweretsa kuti ikambidwe, ku America ndi kuiimika kaye. Pa msonkhano wa anthu a maiko osiyana nenani "discuss it now" kapena "postpone it".

Msonkhano usanathe, mangani nkhani: "So, to confirm: I will revise the schedule by Tuesday, and the finance team will check the cost by Thursday." Misonkhano yambiri imabala mkangano chifukwa aliyense anatuluka akuganiza kuti ntchitoyo ndi ya mnzake.

Andipatsa ntchito yolemba maminitsi. Pa chikalata cha chitsanzo pali "Apologies", "Matters arising" ndi "AOB". Ndilembepo chiyani? — Wothandiza mu ofesi

Pa "Apologies" lembani maina a amene anadziwitsiratu kuti sabwera. "Matters arising" ndi nkhani zotsalira za m'maminitsi a msonkhano wapita. "AOB" ndi "any other business", nkhani zimene sizinali pa ndandanda. Maminitsi si kulemba liwu lililonse limene lanenedwa. Pa mutu uliwonse lembani chimene anagwirizana, "It was agreed that the launch will move to August", kenako mzere wa "Action" wokhala ndi dzina la wochita ndi deti. Atumizeni pasanathe masiku awiri, anthu akadakumbukira.

Pa foni kasitomala anaitanitsa makatoni 13, ine ndinamva 30, ndipo tinatumiza ochuluka. Maina nawonso ndimawalemba molakwika. Ndingazipewe bwanji? — Wolandira maoda

"Thirteen" ndi "thirty" amasiyana pa malo amene liwu limatsindika: loyamba limatha kutsindika kumapeto, lachiwiri koyambirira nthawi zonse, ndipo pa foni kusiyanako kumasowa. Vutoli lili pa manambala onse kuyambira 13 mpaka 19 poyerekeza ndi 30 mpaka 90. Choncho nambala yotere iphwanyeni: "Is that thirteen, one three, or thirty, three zero?" Oda ikatha nenani "Let me read that back to you", n'kuwerenga zonse: katundu, kuchuluka, deti, adiresi.

Pa maina, gwiritsani ntchito mawu a zilembo amene oyendetsa ndege akhala akugwiritsa ntchito m'maonekedwe ake a lero kuyambira 1956: Alfa, Bravo, Charlie, Delta, mpaka Zulu. Ngati simungaloweze onse 26, yambani ndi zilembo zimene zimasokonekera: Bravo ndi Papa, Delta ndi Tango, Mike ndi November, Foxtrot ndi Sierra. Kwa ife olankhula Chichewa, Lima ndi Romeo ndi ofunika koposa, chifukwa "l" ndi "r" timawasinthanitsa osazindikira, ndipo chilembo chimodzi cholakwika mu adiresi ya imelo chimataya uthenga wonse. Funsani kuti "Is that L for Lima or R for Romeo?" Mu adiresi ya imelo, kadontho ndi "dot", kamzere ka pakati ndi "hyphen", ka pansi ndi "underscore".

Simunamve? "What?" amamveka mwano. Nenani "Sorry, I didn't catch that" kapena, bwino koposa, tchulani chimene chakuphonyani: "Could you repeat the last three digits?" Pa msonkhano wa pa intaneti, "You're breaking up" ndiye kuti mawu akudukaduka, ndipo "You're on mute" ndiye kuti munthu akuyankhula atatseka maikolofoni.

Polemba, kumbukirani kuti ku Britain ndi ku America 1,500 ndi chikwi ndi mazana asanu, pamene ku Germany ndi ku France chizindikiro cha "comma" (,) chimaima m'malo mwa kadontho, moti 1,5 ndi chimodzi ndi theka. Ndipo foni iliyonse ya oda itsatiridwe ndi imelo tsiku lomwelo: "Further to our call this morning, I confirm your order of 13 cartons for delivery on 20 June." Kasitomala akaona nambala yolakwika, aikonza katundu asanapakiridwe.

Ndinatumiza invoisi yolakwika kwa kasitomala wamkulu. Ndalemba kupepesa kwa tsamba lathunthu koma ndikuopa kutumiza. Kodi kupepesa koyenera kumakhala kotani? — Wodandaula

Tsamba lathunthu lachuluka. Kasitomala akufuna kudziwa chimene chinalakwika ndi chimene achite tsopano. Ziganizo zisanu zikwanira: "The invoice I sent on Monday shows 40 units instead of 14. I apologise for the error. The corrected invoice is attached. Please disregard the first one. The payment date is unchanged." Pepesani kamodzi. Kubwereza "sorry" kasanu kumamukakamiza kasitomala kuti ayambe kukutonthozani, pamene wolakwiridwa ndi iye.

"We apologise for any inconvenience this may have caused" ndi mawu otha mphamvu, chifukwa "any" ndi "may" akukayikira ngati panali vuto n'komwe. Ngati mukudziwa chimene munasokoneza, chitchuleni: "I am sorry this delayed your payment run." Musabisalenso kuseri kwa "A mistake was made" ngati wolakwitsa ndinu.

Koma pali malire. Ngati cholakwikacho chawonongetsa katundu, chavulaza munthu, kapena chingafike ku khoti, musavomereze mlandu m'dzina la kampani musanaonane ndi abwana kapena loya. Lembani kuti "Thank you for letting us know. We are looking into this and will reply by Thursday." Mawu akuti "Without prejudice" ali ndi ntchito yake ya zamalamulo pa makalata okambirana zothetsa mkangano, musawaike pamwamba pa kalata ngati chokongoletsa.

Uthenga woipa wa mtundu wina uliwonse umayamba ndi "Unfortunately" kapena "I'm afraid", amene pano sakunena za mantha. Unenedwe msanga, ndipo ubwere ndi deti yatsopano: "I'm afraid I will not meet Friday's deadline. I can deliver on Tuesday, and sections 1 and 2 are ready now if you need them."

Ndayamba kuitanitsa katundu kunja. Wogulitsa wanditumizira "pro forma invoice" yolembedwa "Net 30" ndi "CIF". Ndinaganiza kuti CIF ndiye kuti katundu akaonongeka pa njira ndi za iye. Mnzanga akuti ayi. Zoona ndi ziti? — Wamalonda

Mnzanuyo akunena zoona, koma tiyambe ndi mapepala. Wogula amapempha mtengo, wogulitsa amatumiza "quotation", imene imayenera kunena kuti mtengowo ugwira ntchito masiku angati: "valid for 30 days". Wogula akavomera amatumiza "purchase order". Katundu amabwera ndi "delivery note", pepala losainira kuti mwalandira. Musalisaine musanawerenge katundu, ndipo ngati china chasweka lembani pomwepo. "Invoice" ndi pepala lofuna malipiro, lisiti ndi umboni woti mwalipira. "Pro forma invoice" imatumizidwa katundu asanachoke kuti mudziwe zimene mudzalipire kapena mulipiriretu, ndipo siilowa m'malo mwa invoisi yeniyeni m'mabuku a maakaunti. "Credit note" imachepetsa ngongole yanu pamene mwabweza katundu kapena anakulipiritsani mopyola.

"Net 30" ndiye kuti ndalama zonse zilipiridwe pasanathe masiku 30, kawirikawiri kuwerengera kuchokera pa deti ya invoisi, osati tsiku limene katundu wafika. Funsani kuti "Is that 30 days from the invoice date or from delivery?" Mukaona "2/10 net 30", akukuchotserani 2 peresenti mukalipira m'masiku 10. Funsaninso ngati mtengo uli "inclusive" kapena "exclusive of VAT".

CIF ndi limodzi mwa malamulo a Incoterms, onena za udindo wa wogulitsa ndi wogula potumiza katundu, amene bungwe la International Chamber of Commerce linayamba kufalitsa mu 1936. A Incoterms 2020 alipo 11. Pa CIF wogulitsa amalipira sitima ndi inshulansi mpaka pa doko lofikira, koma chiopsezo chimasamukira kwa inu katundu akangokwezedwa m'sitima pa doko lochokera. Akaonongeka pa nyanja, wopita kukadandaula ku inshulansi ndinu, ndipo inshulansi imene CIF imakakamiza wogulitsa kugula ndi yotsikitsitsa. Ngati katunduyo ndi wosachedwa kusweka, pemphani yokwanira ndipo zilembedwe.

Pa FOB wogulitsa amafikitsa katundu m'sitima basi, za ulendo ndi inshulansi n'zanu. Pa EXW mumakatenga nokha ku fakitale yake, ndipo ngakhale kupakira ndi mapepala otulutsira katundu m'dzikomo zili pa inu. Pa DAP amakufikitsirani pa malo amene mwagwirizana, koma msonkho wolowetsera katundu mulipira ndinu. Pa DDP amalipiranso iye. FOB ndi CIF ndi za katundu woyenda pa madzi pokha. Wa pa ndege, pa msewu kapena wa m'kontena amayenera FCA (wogulitsa amangopereka katundu kwa kampani yonyamula) kapena CIP (amalipiranso ulendo ndi inshulansi). Zilembo zitatuzi zisakhale zokha: lembani malo ndi chaka cha malamulowo, monga "CIF Rotterdam, Incoterms 2020".

Abwana amandiunjikira ntchito, ndipo kukana sindingathe. Ndinene chiyani? — Wotopa

Simukuyenera kunena "No". Aonetseni zimene zili m'manja mwanu, asankhe okha: "I am finishing the audit file, which is due on Friday. I can do this as well, but one of them will move to Tuesday. Which should come first?" Nthawi zambiri mkulu sakumbukira zonse zimene anakupatsani, ndipo kusanja ntchito ndi udindo wake. Pewani "I'll try" pamene mukudziwa kuti sizitheka, chifukwa iwo amamva ngati mwavomera. Akasankha, tumizani mzere umodzi wotsimikiza: "As agreed, I will send the audit file on Friday and the stock report on Tuesday."

Kodi "cc" ndi "bcc" amasiyana bwanji? — Wophunzira ntchito

Wolembedwa pa "To" ndiye achitepo kanthu. Wa pa "cc" akungodziwitsidwa, ndipo onse akumuona. Wa pa "bcc" amalandira uthenga ena osadziwa. "Bcc" ndi woyenera potumiza uthenga umodzi kwa makasitomala ambiri osadziwana, kuti maadiresi awo asaonekere kwa anzawo. Si woyenera poneneza mnzanu kwa abwana mobisa: abwanawo akangodina "Reply all", onse adziwa kuti analandira nawo. Mukawonjezera munthu pa nkhani imene ili m'kati, nenani poyera, "I am copying in our finance manager, who will handle the payment", ndipo yambani mwawerenga maimelo onse ali pansipo kuti muone ngati mulibe zimene iye sayenera kuona.